Wakunsi kwa Mtsinje Nayenso ndi Mnansi



Tidanyamuka pa Balaka titangoswali Subuhi, kumayambiriro kwa mwezi wa Novembala, nthawi imene dzuwa la m'chigwa cha Shire limayamba kuotcha lisanafike n'pamutu pomwe. Tidalipo atatu ndipo katundu wathu adali wochepa: mikeka yoswalira, birika, ndi chigubu cha madzi akumwa. Ulendo udali wokaona achibale ku Liwonde ndi kwa Mposa, koma tisananyamuke tidapangana kuti paliponse pamene tiime tizifunsa funso limodzi: kodi madzi amene anthu a pano amamwa ndi kuchitira wudhu amachokera kuti, nanga asanafike pano adutsa pakhomo pa yani?

Funsoli tidali nalo chifukwa. Pa 3 Malichi 2022 Unduna wa Zaumoyo udalengeza kuti m'dziko muno mwabuka kolera. Wodwala woyamba kupezeka adali bambo wa m'boma la Balaka amene adakalandira chithandizo pa chipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde. Mliriwo udafika m'maboma onse, ndipo pamene unkatha anthu oposa 59,000 adali atadwala, oposa 1,700 atamwalira. Chiyambire 1973, chaka chimene kolera adaoneka koyamba m'Malawi, sikudagwepo wina woopsa chotere. Ambiri mwa inu mudanyamulako jeneza masiku amenewo, kapena mudalandira uthenga wa maliro kuchokera ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota. Tsono tidafuna kukaona ndi maso athu madzi a kumene nkhani ija idayambira.

Mpaka 1998 Balaka ndi Machinga lidali boma limodzi. Lero malire ake kwakukulu ndi mtsinje wa Shire, Balaka kuzambwe, Machinga kuvuma. Koma malire a pa mapu salekanitsa ndowa. Mayi wa tsidya lino ndi wa tsidya ilo amatunga madzi amodzimodzi.

Pa mchenga wa Rivirivi

Balaka ndi dziko la milambe, thonje ndi mbuzi, ndipo mvula yake ndi yaumbombo. Kwa zaka zambiri tauni ya Balaka ndi midzi yoizungulira yakhala ikumwa madzi a m'mipopi ochokera ku damu la Mpira, m'mapiri a ku Ntcheu. M'chaka cha 2018 damulo lidaphwa, mipopi niuma, ndipo anthu adabwerera ku mijigo ndi ku mitsinje. Aliyense amene tidacheza naye amakumbukira chaka chimenecho ngati dzulo, mizere ya zigubu kuyambira usiku, ana kuchedwa ku sukulu ndi ku madrassa.

Tidakwera njinga zamoto kulowera kumwera, ku Utale, kumene kumadutsa mtsinje wa Rivirivi popita kukathira mu Shire. M'nyengo ino Rivirivi amakhala msewu wa mchenga, madzi akuoneka apa ndi apo m'timaiwe tobiriwira. Pakati pa mchengawo tidapeza amayi anayi atagwada mozungulira dzenje limene adafukula, akudikira kuti madzi adzadze, kenaka n'kumatunga ndi kapu pang'onopang'ono kuti asavundule.

Titapereka moni tidafunsa wamkulu mwa iwo: "Pepani mayi, kodi mjigo kulibe kumudzi?"

"Ulipo bambo," adatero, osakweza mutu. "Koma madzi ake ndi amchere. Sopo sachita thovu, nyemba sizipsa, tiyi ana amakana. Awa ndiwo okoma. Mchenga umasefa."

Mawu amenewa tidawasunga, chifukwa amalongosola chinthu chimene ambiri odzudzula sachidziwa. Mayi amene wasiya mjigo n'kupita kumtsinje si wopusa ayi. Wayesa madzi onse awiri ndi lilime lake ndipo wasankha. Ndi zoonanso kuti mchenga umasefa matope, madzi n'kuoneka oyera ngati a m'botolo. Koma dzenje losaya la pamtunda pa mchenga silingachotse tizirombo tonse tochokera m'chimbudzi cha munthu, timene maso sangatione.

Tidayenda pang'ono kulowera kumtunda kuti tione chimene chili pamwamba pa dzenje lija. Tidapeza ng'ombe zitaima m'thamanda, ndowe zili mbwee. Tidapeza anyamata oumba njerwa, ndipo patchire la m'mbali mwawo fungo lidatiuza kuti chimbudzi chawo n'chomwecho. Tidapeza matewera ogula aja ovala kamodzi, atakodwa m'mizu ya mtengo, chifukwa amayi ambiri amaopa kuwataya kudzala kuti agalu angawafukule, ndipo amaona kuti mtsinje ndiwo ubisa. Mlimi wina adatiuza mosabisa kuti nyengo ya thonje mpope wopoperera mankhwala amautsukira pomwepo, poti madzi ali pafupi ndi munda. Palibe mwa anthu amenewa amene adali ndi cholinga choipa. Aliyense amangoona gawo lake la mtsinje, ndipo gawolo limathera pa khona.

Pa mlatho wa Liwonde

Titabwerera pa Balaka tidakwera minibasi ya ku Liwonde. Munthu ukachokera kouma, Shire amakudzidzimutsa. Madzi ndi ambiri, odekha, mvuu zikupuma cha patali, ngwazi zikugwedezeka m'mbali. Mtsinjewu ndiwo khomo lokhalo lotulukira madzi a Nyanja ya Malawi. Umayambira ku Mangochi, n'kudutsa m'Nyanja ya Malombe, n'kutsetsereka m'mphepete mwa nkhalango ya nyama ya Liwonde, mpaka kukathira mu Zambezi ku Mozambique, ulendo wa makilomita pafupifupi 400. Pa Liwonde pali zitseko za Kamuzu Barrage, zomangidwa mu 1965, zimene zimayang'anira kuchuluka kwa madzi opita kunsi.

Tidaima pamenepo nthawi yaitali. Kumtunda kwa zitsekozo kumaunjikana namasupuni ndi udzu woyandama, ndipo pali chotchinga ndi makina ovuula zomerazi kuti zisakatseke makina opangira magetsi ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Namasupuni ndi chomera chachilendo, kwawo ndi ku South America, ndipo chimakondwa m'madzi amene alandira feteleza wokokoloka m'minda ndi zonyansa za anthu ndi ziweto. Tikamuona atachuluka tidziwe kuti mtsinje wadyetsedwa zimene sumayenera kudya.

M'mbali mwa madzi moyo uli wotentha. Ogulitsa nsomba akutumbula ndi kutsuka, amayi akuchapa, anyamata akutsuka njinga zamoto mafuta akuyandama ngati utawaleza, ana akusambira kufupi ndi gombe poopa ng'ona. Madzi a m'ngalande za msika ndi a m'makwalala amatsetserekera konko. Mtsinje wa Likwenu, wochokera cha ku Malosa, nawo umabweretsa zimene watola m'midzi ndi m'madimba.

Achibale athu amakhala kumalo otsika a tauniyi, ndipo mlamu wathu adatitengera kuseri kwa nyumba kukationetsa mzere wa matope pa khoma, wofika m'chiuno. "Apa mpamene adafika madzi a Freddy," adatero. Namondwe ameneyu adagwa mu Malichi 2023. Asanabwere iye kudali Ana mu Januwale 2022, patangotsala milungu yochepa kuti kolera uja abuke, ndipo akulu amakumbukiranso chigumula cha Januwale 2015. Mabanja ambiri kuno amadalira zimbudzi zokumba. Madzi akasefukira zimbudzizo zimadzaza kapena kugwa, ndipo zonse za m'katimo zimasakanikirana ndi madzi a pabwalo, a m'zitsime zosatseka ndi a mumtsinje. Mlamu wathu adati chimbudzi chake chidagwa usiku womwewo, ndipo kwa mwezi wathunthu banja lonse linkapita kutchire. Sadanene monyadira, koma adanena zoona.

Kodi madziwa akachoka pa Liwonde amapita kuti? Kunsi, pa Walker's Ferry, bungwe la Blantyre Water Board limapopa madzi a Shire yemweyu kupita nawo mumzinda wa Blantyre. Kumeneko amayeretsedwa ndi mankhwala asanalowe m'mipopi. Koma pakati pa Liwonde ndi Walker's Ferry pali midzi yambiri imene ilibe makina oyeretsera, ili ndi ndowa ndi mtsuko basi.

Za mafakitale tinene chilungamo. Kuno kulibe ambiri ngati ku Blantyre, kumene mtsinje wa Mudi udasanduka chitsanzo cha mtsinje wophedwa ndi zotaya za m'mafakitale ndi mipope ya suweji yophulika, moti munthu amaumva ndi mphuno asanauone. Kwathu kuno chodetsa madzi chachikulu chikadali chimbudzi cha munthu. Koma zinthu zikusintha. Njanji ya ku Nacala imadutsa pa Nkaya, pa Liwonde ndi pa Nayuchi itanyamula malasha a ku Moatize. M'boma la Balaka muli miyala ya laimu, ndiponso phiri la Kangankunde lili ndi miyala yamtengo wapatali imene kampani ya ku Australia ya Lindian Resources idagwirizana zogula mgodi wake mu 2022. Ntchito zotere zimabweretsa ndalama ndipo ana athu akuzifuna. Chathu ndi kufunsa msanga, pamisonkhano ya mafumu ndi ya khonsolo: madzi otsukira miyala adzatengedwa kuti, ndipo akatha ntchito adzatayidwa kuti? Lamulo la za chilengedwe la 2017 lidakhazikitsa bungwe la MEPA loyang'anira zimenezi, ndipo nzika ili ndi ufulu wofunsa. Anthu a m'mbali mwa Mudi akadafunsidwa kale, akadatiuza kuti nthawi yabwino yolankhula ndi pamene mtsinje ukadali ndi nsomba.

Funso la pakhonde la mzikiti

Titaswali Asr tidakhala pakhonde la mzikiti ndi mwalimu wina wachikulire, ndipo mmodzi wa ife adamufunsa funso limene lidatisautsa chichokere ku Rivirivi.

"Mwalimu, ife tidaphunzira ku madrassa kuti madzi ambiri sadetsedwa ndi najisi pokhapokha atasintha mtundu, fungo kapena kakomedwe. Nanga Shire yenseyu, si woyera kodi?"

Mwalimu adaseka pang'ono. "Ana anga, mudaphunzira bwino, koma mudatseka buku msanga."

Adalongosola kuti m'chiphunzitso cha Imam Shafi'i, chimene ambiri a ife kunyanja kuno timatsatira, madzi okwana makulla awiri, kapena kuti malita pafupifupi 200, sasanduka najisi ndi kanthu kogweramo ngati sadasinthe m'zinthu zitatu zija. Koma lamulolo likuyankha funso limodzi lokha, lakuti kodi wudhu wa madzi amenewa ndi wovomerezeka. Silikunena kuti madziwo sangadwalitse, ndipo silikupereka chilolezo kwa aliyense kuti awadetse. Adatikumbutsa kuti Mtumiki (S.A.W.) adaletsa kukodza m'madzi odikha amene munthu adzasambamo, ndipo adachenjeza kuti kudzithandiza pamalo otungira madzi, panjira ndi pamthunzi wopumira anthu kumaitana temberero. Chipembedzo chomwecho chimaletsa kudzipweteka ndi kupweteka ena.

Kenaka adatiwerengera ndi zala. Pa wudhu timachukucha m'kamwa katatu ndi kukokera madzi m'mphuno katatu. Amene amachita wudhu pa swala iliyonse amalowetsa madzi m'kamwa mwake ka 15 pa tsiku, osawerengera akumwa. Tsono Msilamu ndiye ayenera kuopa madzi oipa kuposa wina aliyense. Adaonjezanso china chimene chidatichititsa manyazi. Ife timanyadira kuti timachita istinja, timadziyeretsa ndi madzi, ndipo ndi chinthu chabwino. Koma munthu amene alibe chimbudzi, napita kumtsinje chifukwa kumeneko madzi a istinja ali pafupi, amachokako thupi lake lili loyera, najisi yake atasiyira wakunsi. "Twahara yotere," adatero mwalimu, "ndi yosesa m'nyumba n'kukataya zinyalala pakhomo pa mnansi." Ndipo amene wachita istinja osasamba m'manja ndi sopo kapena phulusa, n'kukagwira chikho cha pamtsuko, wabweretsa mtsinje uja m'nyumba.

Tidazungulira kuseri kwa mzikitiwo. Malo a wudhu adali osamalika, a simenti, koma chimbudzi chidali chimodzi cha amuna ndi akazi, chopanda chitseko chabwino, pamalo pamene Lachisanu pamasonkhana anthu mazana. Sitikutchula mzikitiwu chifukwa si wokhawu. Mizikiti yambiri imene timaidziwa idayamba ndi kusonkhera malata, kapeti ndi zokuzira mawu, chimbudzi n'kukhala cha mawa.

Kunyanja yopanda khomo

M'mawa mwake tidalowera kuvuma, kudutsa m'munsi mwa mapiri a Chikala, kupita kwa Mposa, kumpoto kwa Nyanja ya Chilwa. Kuno dziko ndi lathyathyathya, la mpunga, ndipo sikimu ya Domasi siili patali. Chilwa ndi wosiyana ndi Shire pa chinthu chimodzi chachikulu: alibe potulukira. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi ina imathiramo, koma palibe mtsinje wotulutsa. Madzi amachoka ndi dzuwa lokha, ndipo zimene adabwera nazo zimatsala. Nyanjayi ndi yosaya, malo ambiri osapitirira mamita 3, ndipo idaphwapo kangapo, monga mu 1968 ndi mu 1995, komanso idauma kwambiri mu 2018.

Mwa mitsinje imeneyi, Likangala amadutsa mumzinda wa Zomba, ndipo ofufuza a ku Chancellor College amene adayeza madzi ake adapezamo zizindikiro za zonyansa za m'zimbudzi ndi zotaya za mumzinda, makamaka kunsi kwa tauni. Msodzi wa kwa Mposa kapena ku Namanja mwina sadapondeko ku Zomba chaka chonse, komabe Zomba amamupeza m'bwato.

Tidakwera bwato kulowa m'njedza. Pakati pa nyanja pali zimbowera, tinyumba ta udzu tomangidwa pa zomera zoyandama, mmene asodzi a matemba, makumba ndi milamba amagona milungu kapena miyezi osapita kumtunda. Tidalandiridwa bwino pa chimbowera china, ndipo mwini wake, bambo wa ndevu zaimvi, adationetsa pogona, pophikira ndi powambira nsomba. Sitidafunikire kufunsa za chimbudzi. Nyanja ndiyo chitsime, ndiyo bafa, ndiyonso chimbudzi.

"Achimwene, inu mukadatani?" adatifunsa. "Kumtunda ndi maola angapo kupalasa. Madzi a mjigo tikabwera nawo amatha masiku atatu."

Tidalibe yankho lachangu. N'chifukwa chake kolera sachedwa kubwerera ku Chilwa. Adavuta mu 2009 ndi 2010 m'maboma atatu ozungulira nyanjayi, Machinga, Zomba ndi Phalombe, ndipo adabukanso kumapeto kwa 2015 pakati pa asodzi. Mu 2016 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi mabungwe monga Médecins Sans Frontières adabweretsa katemera wakumwa, ndipo poona kuti asodzi a m'zimbowera sangabwerenso kumtunda pa tsiku loikika, ambiri adapatsidwa botolo lachiwiri kuti akamwe okha. Bambo uja amakumbukira zimenezo, koma amadziwanso kuti mphamvu ya katemera imatha pakapita zaka, pamene nyanja ikadali yomweyo.

Kachirombo ka kolera kamatuluka m'chimbudzi cha munthu n'kulowa mwa wina kudzera m'madzi kapena chakudya. Matendawa amatha kuoneka patangopita maola 12, kapena mpaka masiku 5. Munthu amatsegula m'mimba madzi okhaokha onga otsukira mpunga, nthawi zina n'kumasanza, ndipo wamkulu wamphamvu akhoza kutha tsiku lomwelo chifukwa cha kuchepa kwa madzi m'thupi. Choopsa n'chakuti ambiri amene ali ndi kachiromboka sadwala konse, amayenda bwinobwino uku akukasiya kulikonse kumene adzithandiza. Nkhani yabwino ndi yakuti wodwala akayamba msanga kumwa Thanzi ORS amapulumuka. Ngati paketi palibe, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, ndipo azimwa ali pa ulendo wa kuchipatala. Kudikira kuti kuche kwaika anthu ambiri m'manda.

Pobwerera kugombe tidapeza ana akusewera m'madzi osaya, ndipo mphunzitsi wina wa sukulu ya pafupi adatikumbutsa za mdani wachiwiri, wosachita phokoso, ndiye likodzo. Mwana wodwala akakodza m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa n'kulowa mu nkhono. Mu nkhonomo tizirombo timachulukana, n'kutuluka, n'kuboola khungu la aliyense wosamba, wochapa kapena wopalira mpunga. Chizindikiro chodziwika ndi magazi mumkodzo, ndipo m'midzi ina ya kunyanja anthu adazolowera mpaka kumaona ngati ndi kukula kwa mnyamata. Si kukula, ndi matenda, ndipo akakhalitsa amaononga chikhodzodzo, amachepetsa magazi, ndipo kwa amayi amabweretsa zilonda za m'kati ndi mavuto a uchembere. Mankhwala ake a praziquantel amagawidwa m'sukulu, choncho makolo tisamaletse ana kumwa, tiziwadyetsa kaye. Tidaganiza za chiletso chija cha kukodza m'madzi odikha. Chikadatsatidwa ndi mudzi wonse, nkhono zikadakhala nkhono chabe.

Beseni la pa sadaka

Usiku womaliza tidagona kwa azakhali athu, ndipo m'mawa mwake m'mudzimo mudali sadaka ya masiku 40. Mpunga udaphikidwa m'miphika ikuluikulu, mbuzi idazingidwa, duwa idawerengedwa. Nthawi ya chakudya itakwana mnyamata adabwera ndi beseni limodzi la madzi. Adayamba mashehe, kenaka akuluakulu, kenaka ife alendo, kenaka achinyamata. Pamene beseni linkafika kwa ana, madzi adali atasanduka otuwa. Kamnyamata ka zaka ngati zisanu kadaviika manja mmenemo n'kuyamba kudya.

Tidayang'anana osalankhula. Zonse zimene tidaona masiku atatu zidali m'beseni limenelo. Akulu adali kumtunda, mwana adali kunsi. Palibe adafuna kumulakwira, ndipo mwambo wake ndi waulemu. Komatu birika idali pomwepo pakhonde. Kuthirirana madzi, wina akusamba ndi sopo, beseni likungolandira otayika, sikuchotsa ulemu wa wamkulu ndipo sikufuna ndalama.

Pa maliro pomwepo mpamenenso kolera amapezera njira. Thupi la munthu womwalira ndi matendawa limakhala likadali ndi tizirombo tambiri, ndipo osambitsa amakhudza zonse, kenaka ena mwa iwo kapena a m'nyumba zawo amakagwira chakudya cha anthu. Tikudziwa kuwawa kwa mtima pamene azaumoyo anena kuti thupi lisagwiridwe monga mwa nthawi zonse. Koma Chisilamu sichidatisiye opanda njira. Maulama adafotokoza kuti ngati kusambitsa kungaike amoyo pangozi, pali zopepukitsa, monga kuthira madzi osakhudza kapena tayammum, ndipo swala ya jeneza imachitika ndithu. Nkwabwino kuti shehe wa mudzi ndi mlangizi wa zaumoyo akambirane zimenezi lero, kukadali bata, osati pa tsiku la misozi.

Titatha kudya tidacheza ndi eni sadaka, ndipo azakhali athu, amene saopa kulankhula, adafunsa kuti mpunga ndi mbuzi zadya ndalama zingati. Atamva adati: "Theka lake likadakonza mjigo uja udafa chaka chatha." Ena adakhumudwa, koma shehe adawavomereza. Adakumbutsa za Sa'd bin Ubadah (R.A.), amene mayi ake atamwalira adafunsa Mtumiki (S.A.W.) za sadaka yabwino yowachitira, nalangizidwa za madzi, ndipo adakumba chitsime m'dzina lawo. Adakumbutsanso za Uthman bin Affan (R.A.), amene adagula chitsime cha Ruma ku Madina n'kuchipereka kuti aliyense azitunga ulere. Mpunga wa sadaka umatha tsiku limodzi, adatero shehe, koma mjigo wokonzedwa, chimbudzi cha pa mzikiti, kapena botolo la klorini loperekedwa kwa asodzi opita ku zimbowera, zimapitiriza kumulembera malemu zabwino tsiku lililonse.

Sitikunena kuti mudzi ungathe zonse wokha. Mipope ya madzi, malo oyeretsera suweji ya m'matauni ndi kulondola mafakitale ndi ntchito ya boma, makhonsolo ndi mabungwe a madzi, ndipo tiyenera kuwakumbutsa mosatopa kudzera mwa makhansala ndi aphungu athu. Koma chimbudzi cha pakhomo chokhala ndi chivundikiro, chokumbidwa kutali ndi chitsime, ndi chathu. Kuwiritsa madzi a mumtsinje kapena kuthiramo WaterGuard, ngakhale aoneke oyera chotani, ndi kwathu. Kusunga madzi mu chigubu cha kukamwa kwakung'ono m'malo mwa ndowa yoviikamo chikho ndi kwathu. Kukwirira matewera m'dzenje, ndi kutsukira mpope wa mankhwala kumunda kutali ndi mtsinje, n'kwathunso.

Pobwerera, minibasi yathu itafika pa Liwonde, kumwamba kudada ndipo chizimalupsa chidagwa, mvula yoyamba ija imene aliyense amaiyembekezera. Fungo la dothi lidakoma, ana adatuluka kuvina pamvula. Ife tidatsika n'kubisala pakhonde la sitolo, tikuyang'ana ngalande ya m'mbali mwa msewu. Madzi ake adali akuda, atanyamula mapepala apulasitiki, zikhokho za chimanga, ndowe ndi zonse zimene zidaunjikana chilimwe chonse, akuthamangira ku Shire. Madzi saiwala khwawa. Mvula itakata tidayenda kufika pa mlatho, ndipo cha kunsi pang'ono tidaona mtsikana atawerama pagombe, akudzaza birika, mwina ya bambo ake ya wudhu wa Maghrib.

Chipembedzo chathu chimalemekeza mnansi kwambiri, ndipo ife tidazolowera kuganiza kuti mnansi ndi amene nyumba yake tikuiona. Ulendowu udatiphunzitsa kuti mtsikana uja nayenso ndi mnansi wa woumba njerwa, wa wotsuka njinga, wa mayi wotaya thewera, ndi wa tonse amene tili kumtunda kwake, ngakhale sitidzamudziwa dzina. Pempho lathu kwa inu owerenga ndi limodzi. Lachisanu likudzali, swala ikatha, zungulirani kuseri kwa mzikiti wanu pamodzi ndi a komiti, muone chimbudzi, muone kumene madzi ake amalowera, ndipo mufunsane kuti kunsi kwake kumakhala ndani.

Allah atiteteze ife ndi ana athu ku miliri, awachitire chifundo abale athu amene adatsogola, ndipo atipatse mvula yamadalitso. Ameen.